Lamba Wofiira pa Buku la Solenn

Gulu: buku latsopano (Solenn, Thibault mkonzi, mayi Gwenola)

Lachinayi

09:12 Solenn: thibault, lamba wofiira wa pepala mwakulunga pa buku langali walamula ndani?

09:13 Solenn: "nkhani yoona, yolembedwa ndi mtolankhani amene anaulula zoipa za kochi wa kalabu yosambira ya Plouvern." zoona??

09:31 Thibault: bwanji osayamba ndi moni kkkk. ndi a marketing. buku lopanda lamba achinyamata saliona nkomwe

09:32 Solenn: ndinakuuza kuti ndi nthano. mtsikana amene anandiuza zonse zija ali ndi zaka 15, ndinamulonjeza kuti dzina lake silidzatuluka

09:34 Thibault: si unasintha dzina, tauni, masewera omwe? vuto lili pati

09:36 Solenn: [uthenga wa mawu 0:21] "mchimwene wake wa vuto losamva uja ndinamusiya momwemo m'bukumo. ndinalakwitsa ndine, ndavomera. koma pa kalabu yonse ija mwana amene ali ndi mchimwene wosamva ndi mmodzi yekha. ukalemba Plouvern pachikuto ndiye kuti wamuloza chala."

09:50 Solenn: thibault

10:25 Solenn: ndikuona kuti wamvera

11:02 Thibault: mabuku ali kale m'masitolo dziko lonse. madzi akatayika saoleka mayi

11:03 Solenn: si madzi, ndi pepala. limang'ambika

14:40 Gwenola: mwanangu solenn, m'sitolo mwanga muno ku Plouvern ndachotsa malamba onse, ndayatsira mbaula. ndaimbiranso anzanga ogulitsa mabuku ku Morlaix

14:41 Solenn: zkm mayi. ndili pa njira ndi sizasi

14:58 Thibault: mayi gwenola chonde musamulimbikitse. solenn, abwana akuti ukapitiriza, za buku lachiwiri uiwale

15:00 Solenn: auze ndaiwala kale. ku nyuzi anandichotsa chfkwa chokana kutchula mwana yemweyu, ndiye ndiope iwowo?

15:01 Thibault: ukudziwotcha wekha

15:01 Solenn: ndikuyendetsa galimoto

Lachisanu

10:17 Solenn: [chithunzi] masitolo 9. thumba ladzaza malamba. ndikutumizire ku ofesi uvale?

10:44 Thibault: sizoseketsa

Loweruka

11:20 Gwenola: kwabwera mkazi wa kochi uja. akuti wamva kuti "mtolankhani uja" watulutsa buku

11:20 Solenn: ndiye??

11:26 Gwenola: pepa, kunali kasitomala. walitembenuza uku ndi uku, wafunsa ngati ndi za kuno. ndati ndi nthano ya ana asukulu

11:27 Gwenola: walibweza pa shelefu, wagula la maphikidwe

11:29 Solenn: thibault wawerenga?

11:52 Solenn: usavutike kuyankha. ndalowa mu tauni ya Brest, masitolo a mabuku muno ndi anayi