Dzina la pa Baji Yanga

Lachinayi. Lero mtima ukungodumphadumpha!

Pa hotela yathu ya kwalantini ku Al Dafna, kuno kudziko la eni kumene ndikugwira ntchito, mzungu wina wachikulire waona baji yanga pamene ndimamuyeza kutentha kwa thupi. Wafuula ali chivalire masiki: "Fletcher? Inenso ndine Fletcher!"

Akuti kwawo ku Mangalande dzinali linali la anthu osema mivi, kenaka linakwera zombo mpaka ku Australia ndi ku Jamaica. Osema mivi, wallah, monga amalumbirira eni dziko kuno! Ine ndinkayesa ndi phokoso chabe.

Wafunsa kuti ife ndife nthambi iti. Ndamuuza zoona, kuti agogo anga aamuna anali khukhi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kalaliki wa boma n'kungowalemba dzina la bwana wawo. "Ndife nthambi ya kukhitchini, bwana." Iye makutu psuu, ine phwete.

Nditaweruka ndawaimbira bambo. Akuti, "Mivi ya chiyani? Ndife a Mbewe ife. Mkazi wako akachira mwezi wamawa, mwanayo alembedwe Mbewe."

Moyo wanga wonse dzinali ndalivala ngati yunifolomu yobwereka. Lero lomwe layamba kundikwana, ndiye ndilivule?