Bambo Agwada Pasiteji

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tikudzuka ndithu, koma mtima wanga ukuwawa, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Munamva kuti bambo alemba sewero latsopano. Ndi la mlembi wokalamba amene ankatamanda akuluakulu m'mabuku ake, za anthu ovutika osanenapo kanthu. Kumapeto amapepesa dziko, kenako amagwadira mkazi wake amene wakhala akumuzunza. Amene akusewera ngati mlembiyo ndi bambo eni ake. Mkaziyo ndi mtsikana wina wopaka choko kumutu kuti zioneke ngati imvi.

Loweruka ndinapita nawo mayi kuholo, ngakhale mwendo wawo ukuvutabe. Tinakhala kutsogolo. Achimwene, bambo anagwada zenizeni, ndi maondo omwe aja amati akuwawa tikawapempha kuti awaperekeze mayi kuchipatala. Anati, "Inu amayi, ndinakulakwirani. Pepani."

Kodi munawamvapo bambo akunena kuti "inu" kwa mayi? Kuyambira tili ana ndi "iwe" basi, ngakhale pamaso pa alendo. Mayi analira mpaka anthu kumatembenuka. Ankaganiza kuti mawuwo ndi awo, kuti bambo anangosowa poyambira kunyumba.

Sewero litatha mayi anandikakamiza kuti ndiwaperekeze kuseri, kuchipinda chovalira. Tinapeza bambo akupukuta thukuta, atolankhani atawazungulira. Mayi anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Abambo, ndakukhululukirani."

Bambo anaseka. "Iwe, lija ndi sewero. Kandidikire panja."

Ena anaseka nawo. Ine ndinangowagwira mayi paphewa n'kutuluka nawo, manyazi ali tho.

Chichokereni kumeneko mayi sakudya. Amangokhala pamphepete pa bedi, zovala zawo atazimanga m'chikwama. Akuti m'nyumba muno sakhalamonso, koma kopita alibe.

Ndiye mumve izi. Dzulo bambo anandipeza kukhitchini ndikutsuka mbale, cholembera chili m'manja mwawo. Ndinkati mwina abwera kudzafunsa za mayi. Ayi! Ankafuna ndiwakumbutse mawu enieni amene mayi ananena kuseri kuja, akuti akufuna awaonjezere m'sewerolo chifukwa anali okoma. Anatinso Loweruka likubwerali ndikawakhazikenso mayi kutsogolo, poti kulira kwawo kunakhudza anthu kwambiri. Ndinangopitiriza kutsuka mbale, ndinaopa kutukwana kholo.

Nyuzipepala zikuwatcha bambo chikumbumtima cha dziko. Dzikolo liwasunge, ine ndatopa nawo.

Chonde achimwene, bwerani mudzawatenge mayi Loweruka lisanafike. Ndikuopa kuti bambo akangowauza kuti avale, avala, ndipo akagwadanso pasiteji paja, mayi akhulupiriranso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana. Mulungu akusungeni, ndipo akutsegulireni njira msanga.

Ndine mlongo wanu.