Akufuna Kumuchotsa Mwana Wanga pa Mpweya

Amalume,

Apongozi akufuna kumuchotsa mwana wanga pa makina a mpweya Loweruka lino, apite naye kwawo ku Lirangwe. Ndili ndi mantha.

Pepani, ndayamba osapereka moni. Muli bwanji ku Karongako ndi ana onse? Ine m'thupi ndikupezako bwino.

Ndinachira Lolemba pachipatala chaching'ono cha kwathu ku Chileka, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mwanayo ndi wamkazi, wochepa kwambiri. Sanalire, ndipo akamapuma pachifuwa pamalowa m'kati. Anatithamangitsira kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe anamuika timapaipi tiwiri m'mphuno. Anesi anandiuza kuti mapapo ake sanakhwime, mpweyawo ukumuthandiza kuti asatope. Panopa milomo yasiya kuda, dzulo wamwako mkaka wanga wofinya.

Koma apongozi atamuona anayamba kulira. Anati, "Mpweya umenewu ndi womwe unamaliza malemu amuna anga. Amamuika munthu akaona kuti watha kale. Mdzukulu wanga asafere pamapaipi ayi." Bambo a mwana sangawatsutse, amaopa mayi awowo. Anesi akuti akamuchotsa pano sakafika naye ngakhale pa Lunzu.

Ine ndalankhula, akuti ndine mwana sindidziwa kanthu. Inu ndinu mwini mbumba, inuyo angakumvereni. Mulungu akuyendetseni bwino, koma chonde amalume, mukangowerenga kalatayi kwerani basi. Musadikire kuti mupeze wokusungirani sitolo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Esinati