Pamalo Panu, Pamwamba pa Tayala

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Fabiano, mwana wanu woyamba. Kuno tilipo. Mitambo ikusonkhanabe pa phiri la Mphunzi, ndipo mizere tamaliza. Mlongo wanga Agnesi wabereka mwana wamkazi, tamutcha Elizabeti, dzina lanu. Akayamba kulira mudzi wonse umamva, liwu lake ndi lanu lomwe lija la kukwaya. Kachewere wa kudimba anachita bwino, kungoti chiwawu chinawononga mbali ya kumunsi. Mbuzi yanu yamawanga ikadali yakuba, dzulo inamaliza mpiru wa apongozi anu.

Koma nkhani yaikulu ndi ya chiliza chanu, ndipo kuti muimve bwino ndiyambe ndi Nkhalamba, pikapu ija anatisiyira bambo. Chichokereni inu, galimotoyi inayamba khalidwe lachilendo. Ikafika pa chitunda cha miyala chokwerera kumudzi, matayala akumbuyo ankangodumphadumpha ngati mwana wa mbuzi, galimoto yonse n'kumanjenjemera, mano n'kumagundana, koma osapita patsogolo. Ine n'kuwonjezera moto, iyo n'kuwonjezeranso misala. Amalume a Sitolo anati masipiring'i atopa ndi matumba a kachewere, tiwonjezere ena kuti ilimbe msana. Ndi mmene amachitira aliyense wonyamula katundu kuno, ndiye tinawonjezeradi, matayala n'kuwapopa mpaka gwa.

Mwala wa chiliza tinakaumbitsa kwa mmisiri wa ku Mayani. Unali wokongola, Amayi, wa mtanda pamwamba, dzina lanu lolembedwa bwino pansi pake. Ndinauika kumapeto kwa bodi pa bulangete, n'kunyamuka ndekha. Panjira amayi angapo a m'mphakati mwanu wa kutchalitchi ankandiimitsa, ine ndinangowakwezera dzanja poopa kuti angauponde. Nditafika pa chitunda chija Nkhalamba inayamba zake. Ndinangomva kuti phwa! Potsika ndinapeza mwala wagawika pakati, mng'alu utadutsa pa dzina lanu penipeni.

Ndinakhala pansi pamsewupo n'kulira ngati tsiku lija tinakuikani. Zinandiwawa, Amayi. Bambo mfumu anali atatiuza kale Loweruka loti adzadalitse chiliza, abale a ku Kabwazi anali atauzidwa, ndipo mvula ikayamba chitunda chija sichikwereka mpaka chaka chamawa. Mmisiri uja anandimvera chisoni, anati aumba wina, koma ukaswekanso umenewo nthawi yoti wachitatu uume sipadzakhala. Mukanagona dzinja linanso pansi pa kamtanda kamtengo kodyedwa ndi chiswe.

Ndinapita nayo galimoto kwa a Lefani, makaniko aja munkawanena kuti amalankhula ndi mabawuti kuposa anthu. Analowa pansi, natuluka akupukusa mutu.

“Achimwene, mwaisandutsa ngolo,” anatero. “Msana wouma chonchi, tayala likagunda mwala silingautsatire, limangonjanja. Likatera limagwira, sipiring'i n'kupindika, kenaka n'kubwerera mwaukali, tayala n'kudumphanso. Mashoko oti aziletsa zimenezi anafa kalekale, mafuta ake anatha. Koma ndiuzeni, kale munkakwera bwanji pamenepaja ndi mashoko akufawa?”

Yankho la funso limenelo linali inu. Mpando wakutsogolo munkaukana, mumati kununkha dizilo. Malo anu anali kumbuyo, pa kabokosi ka pamwamba pa tayala la kumanzere, mutafunda chitenje chamtanda. Ndipo simunkalola kuti tidutse munthu panjira. Mumamenya denga ndi chikhatho n'kukuwa kuti, “Iwe Fabiano, ima! Galimoto ya bambo ako siyenda ndi mphepo, anthu ali pansi.” Ine ndinkang'ung'udza kuti mundithera matayala. Pofika pa chitunda bodi inkakhala yodzaza amayi ndi madengu awo, inu n'kumati, “Pang'onopang'ono, sitikuthamangitsidwa.” Ine osadziwa kuti kulemera kwa anthu amenewo n'kumene kunkakanikiza matayala pa miyala. Pepani, inunso simunali wopepuka, mukudziwa nokha.

A Lefani anachotsa masipiring'i owonjezera aja, anaika mashoko ena, anamanga mabawuti ogwira masipiring'i omwe anali atakhwepa. Anandiuza kuti ndikafika m'munsi mwa chitunda ndiphwetseko matayala pang'ono kuti azikumbatira mwala, ndilowetse giya yaing'ono yokoka mawilo onse, ndipo phazi likhale lofatsa. Ikangoyamba kudumpha ndisiye moto, osalimbana nayo. Katundu akhale pamwamba pa matayala, osati kumchira. Amalume atamva kuti masipiring'i awo achotsedwa anakhumudwa, anati ana a lero samva. Koma m'mawa wa tsiku lonyamula mwala ndinawapeza atafika kale ndi matiresi awo ogonera, akuti tiyale pansi pake. Mlongo wawo ndinu, ndinawamvetsa.

Mwala wachiwiri tinaugoneka pa matiresiwo, pakati pa matayala, mutu wake utatsamira ku kabokosi kanu. Ulendo uno sindinadutse munthu. Ndinatenga aNambewe, mnzanu wa kukwaya uja, ndi amayi ena onse amene ndinawasiya tsiku loyamba. Anakhala mozungulira, aliyense dzanja lake pamwala. Kabokosi kanu palibe anakhalapo, ngakhale sindinawaletse.

M'munsi mwa chitunda ndinatsika, ndinachotsa mpweya m'matayala. ANambewe anandiyang'ana nati, “Mwanawe, usaope. Amayi ako akwera kale.” Kenaka anayambitsa nyimbo ya Maria imene munkaikonda. Ndinalowetsa giya, Nkhalamba n'kuyamba kukwawa. Pa mwala waukulu uja tayala la kumanzere linaterereka kamodzi, phazi langa linafuna kuponda moto. Ndinamva chikhatho chikumenya denga. Mwina anali aNambewe, sindinawafunse. Ndinabweza phazi, tayala linagwira, tinakwera mwala ndi mwala mpaka pamwamba, nyimbo osaduka.

Chiliza chanu chaima, Amayi, dzina lonse lathunthu. Bambo mfumu anachiwaza madzi odala, Elizabeti wamng'ono analira mwambo wonse, anthu n'kumaseka kuti mwabwera kudzaimba nokha. Lachiwiri lake mvula yoyamba inagwa.

Ndakusowani kwambiri. Ndikamayendetsa ndimayang'anabe pa galasi kufuna kuona chitenje chanu. Mupereke moni kwa bambo, muwauze kuti galimoto yawo yasiya misala. Ndipo ndikulonjezani kuti masiku onse amene Nkhalamba idzakhale ikuyenda, sindidzadutsanso munthu ali pansi pa msewu wa kwathu. Simudzavutikanso kumenya denga, ndiziima ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fabiano