Mwana wanga wandijambula ndikuthawa buluzi

Aphungu,

Ndithandizeni kuweruza, kodi mwana wanga wandiyalutsa kapena ndine ndapsa mtima pachabe? Ndili ndi saluni yanga, ndipo mwana wanga wachisamba, mtsikana wa ku sekondale, ali ndi dzanja lojambula loti mutaona simungakhulupirire. Amakonda makatuni aja amati anime, anthu ake a maso ngati mbale, tsitsi lobiriwira. Anayamba kupeka nkhani yakeyake ya zithunzi n'kumaiika pa foni kuti anzake aziwerenga. Ine sindinkalabadira, ndinkangoti bola sakuyendayenda m'misewu.

Tsiku lina ndikuluka tsitsi kasitomala wanga wakalekale, namwino wina wake wosabisa mawu, anangoti, "Koma Kaputeni Lumo wa m'zithunzi za mwana wanu uja ndinu ndithu, mpaka kagwiridwe ka chipeso!" Saluni yonse kuseka, ngakhale amene anali mu draya anatulutsa mutu. Anandionetsa pa foni yake. Abale inu! Mzimayi wankhondo, lupanga lake ngati sizasi, akudula zilombo zotalika kuposa nyumba. Pamenepo ndinanyada ndithu. Koma tsamba lotsatira mayi yemweyo waona buluzi pakhoma, wakwera pampando akukuwa. Amakalipira asilikali ake kuti "Sindibwereza!" kenako n'kubwereza mpaka onse atasinza. Amabisa sopo kuti asathe msanga, koma mdani akagonja amamutengera kwawo kukamudyetsa. Amati iye salira, chonsecho pa ukwati wa anthu osawadziwa n'komwe ndiye woyamba kufunafuna mpango.

Aphungu, zonsezo ndi ine, ndikane bwanji? Ndinathamangitsapo wakuba ndi chitsulo chowongolera tsitsi, koma buluzi ayi, ndimachita kuitana bambo a mwanayo. Chinandiwawa n'choti za m'nyumba mwanga zikusekedwa pamalo anga a ntchito. Nditafika kunyumba ndinamuuza mwanayo kuti amukonze Kaputeniyo akhale munthu waulemu wake, apo ayi afufute zonse. Iye anati, "Amayi, anthu amamukondatu chifukwa cha zomwezo." Ine ndinakuwa, "Sindibwereza!" Bambo ake anatsamwa ndi madzi amene ankamwa, ndiye mukudziwa, zinangokolezera moto.

Mwanayo anamvera. Anajambula Kaputeni wosaopa kanthu, wolankhula kamodzi basi, maso ouma gwa. Ndinawerenga ndekha, ndipo ndisaname, ndinayasamula. Anzake analemba kuti abwezere wakale uja, uyu sakumudziwa. Pano mwana wanga walongedza mapensulo ake onse m'katoni ya nsapato n'kupatsa mng'ono wake, akuti zojambula wasiya. Amandipatsa moni waulemu ngati ndine mlendo, sandiseleulanso ngati kale. Mtima ukundipweteka, chifukwa luso limeneli ndi lake ndipo ndaliponda ndine. Komanso sindikufuna kukhala choseketsa cha makasitomala. Nditani?

Ndine,
E. T., mayi wa pa saluni

Mayi,

Pepanitu, nanenso ndaseka, makamaka pamene bambo anatsamwa paja. Koma tiyeni tikumvetsetse kusekaku. Pali kuseka monyoza, ndiye pali kuseka chifukwa munthu wadziona yekha. Namwino wanuyo amabaya anthu jakisoni tsiku ndi tsiku, koma mufunseni mmene amachitira ikakhala nthawi yake yobayidwa. Mzimayi wongodula zilombo palibe amamukhulupirira, chifukwa palibe mwa ife amene ali choncho. Koma wothamangitsa wakuba n'kukathawa buluzi, woumira sopo n'kumadyetsa mdani, ameneyo timamudziwa, ndi mayi athu, ndi azakhali athu, ndi ife tomwe. Zofooka zikamatsutsana choncho m'pamene munthu wa papepala amakhala wamoyo. Mboni ndinu nomwe, wangwiro uja anakuyasamulitsani.

Ndiye taonaninso bwino zithunzizo. Lupanga anapatsa ndani? Mwana wofuna kunyoza mayi ake akanawajambula ali chilombo, koma wanuyu anakuikani patsogolo pa asilikali. Kuti adziwe mpaka kagwiridwe kanu ka chipeso ndiye kuti wakhala akukuyang'anani kwa zaka zambiri, inu muli kalikiliki ndi mitu ya anthu ena. Ana ambiri a msinkhu wake sadziwa n'komwe kuti mayi awo avala chiyani lero.

Pamodzi pokha ndiima nanu: anayenera kukuonetsani musanamvere kwa makasitomala. Zimenezo mumuuze, koma mofatsa, ndipo ulendo uno kamodzi kokwanira.

Muyambe ndinu, musadikire kuti abwere yekha, chifukwa akatengera mayi ake sabwera. Katengeni katoni ija kwa mng'ono wake, mumubwezere mwini wake ndi manja anu. Mng'onoyo mumusiyireko pensulo imodzi kuti tisayambitse mlandu wina. Mukakhala pansi mumuuze zoona, kuti munachita manyazi pamaso pa anthu n'chifukwa chake munakalipa. Mawu akuti pepa sanachotsepo mayi aliyense paumayi. Kenako mugwirizane malire. Matenda, mikangano ya inu ndi bambo, ndi zina zimene mukudziwa nokha, zimenezo zisatuluke pakhomo. Buluzi yekhayo musiyireni, si chinsinsinso, saluni yonse ikumudziwa. Ndipo makasitomala akayambanso, yambani ndinu kuseka. Nthabwala imene mwini wake waisekerera siluma.

Chenjezo langa ndi ili: musamupemphenso kuti akukongoletseni, ngakhale mongocheza. Mwana wadzanja lotere sasiya kujambula mpaka kalekale, tsiku lina adzatolanso pensulo kaya mwamubwezera kaya ayi. Chimene angasiye ndi kukuonetsani. Adzajambula anthu ena, amayi a anzake, aphunzitsi ake, ndipo inu adzakusiyani pambali mwaulemu wonse monga munapempha. Pitani lero, mayi, mwana wanu asanazolowere kukupatsani moni ngati mlendo.

Aphungu