Tsaya la Kuwindo

Lolemba, 3 Okutobala 2016

Dzuwa la lero ndi nkhanza. Rumphi-Mzuzu, Mzuzu-Rumphi tsiku lonse, ndikuyendetsa minibasi mkono uli pawindo ngati kale. Nditafika kunyumba amama anandiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Phala sanalikhudze. Ati, "Awiske Hezron afika." Ndiye kuti bambo ake a Hezron. Hezron ndine. Adada, a Amock, tinawaika m'manda ku Bolero kalekale.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Mlongo wanga Lois, nesi wodziwa zonse uja, akuti ndi ukalamba, mutu wa amama wayamba kusokonekera. Chabwino. Nanga bwanji ndikakhala mbali ina ya bedi lawo amanditchula dzina langa bwinobwino?

Lachisanu, 7 Okutobala

Lero ndadziyang'anitsitsa pagalasi la galimoto. Tsaya lakumanzere ndi langa. Lakumanja, la kuwindo, lada bii, makwinya mpaka kukhutu. Adada ankayendetsa lole ya fodya, ndipo iyi ndi nkhope yawo yeniyeni, ija ankalowa nayo m'nyumba tonse n'kuti zii. Ndachita mantha, ndisaname.

Lamlungu, 9 Okutobala

Lois wandigulira mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ndinati amenewa ndi a azungu ndi anzathu achialubino, iye akuti ndisiye umbuli, khungu lakuda nalonso limapsa. Kudzola m'mawa uliwonse, kubwereza masana, mkono m'kati. Wanenetsa kuti sabweza zimene zinawonongeka kale, amangoteteza kuti zisapitirire. Ine ndangotolapo zoti amathandiza.

Amama adya pang'ono. Ndinawadyetsa nditapotoza khosi kuti aone kumanzere kokha. Mpaka pano likuwawa chomene.

Lachitatu, 12 Okutobala

Mafuta aja ndinapaka ambiri, kumanja kokha, kuti zifulumire. Ndinatuwa mbuu ngati ndagwera m'phulusa, anzanga padepoti kuseka mpaka misozi. Amama sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akundiyesa adada, n'kunena kuti umu ndi mmene ndinkaonekera m'bokosi muja. Kenako anafunsa ngati kumeneko kumazizira.

Lachinayi, 13 Okutobala

Sanadye. Ndasukusula ndi sopo, ndawaonetsa tsaya lakumanzere. Ati, "Yewo, alendo. Mukufuna ndani?"

Loweruka, 15 Okutobala

Milomo yawo yauma gwa. Lois akuti akapanda kudya lero, mawa n'kuchipatala, ndipo sakukhulupirira kuti akabwerako. Sindinapite kumsewu. Ndawanyengerera, ndawaimbira nyimbo ya kutchalitchi imene amaikonda, ndawauza kuti ndine Hezron, mwana wawo woyamba. Ayi ndithu, mano ali olumana.

Masana ndinanyamula mpando n'kukauika mbali inayo ya bedi, kuti aone tsaya lakumanja. Ndili mnyamata ndinalumbira kuti sindidzawalankhula mmene ankawalankhulira munthu uja. Ndinagogoda mbale ndi supuni, n'kuwaitana ndi mfunda wawo ngati mmene ankachitira adada.

"Nyamhango. Idya."

Mawuwo sindinachite kuwafunafuna, anangotuluka okha, ndi kamphuno kawo komwe. Lois anali pakhomo, anagwetsa kapu.

Amama anadzuka okha, anakonza duku, n'kuyasamula. Anamaliza mbale yonse, maso ali pansi. Nditafuna kunyamuka anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Hezron musam'menye lero. Wayenda padzuwa tsiku lonse mwanayo."