Mkono Wowongoka, Mkono Wopindika

Lolemba, 9 Juni

Foni inalira ndikumanga nsapato. A Zulamano, dokotala wa mano uja, mnzawo wa amuna anga. "Alamu, khalani pansi kaye." Ndinakhala.

Abambo a kunyumba agwa m'galaja mwa a Zulamano. Mtima. Kasikelo koyezera singano ya galamafoni kakadali m'manja.

Nsapato inayo ndinaimanga madzulo.

Lachinayi, 12 Juni

Tawaika. Anthu, mipando, makapu osatsuka. Zaka makumi atatu ndili mu laibulale, mabuku onena za imfa ndawerenga ambiri. Palibe linandiuza kuti munthu amaiwala kumeza madzi.

Anzawo a magalamafoni anabwera onse, anaima pakona ngati ana amasiye. Zaka khumi ndi chimodzi abambo akukangana ndi a Zulamano nkhani imodzi: mkono wonyamula singano uzikhala wowongoka kapena wopindika? Abambo anadzipangira wowongoka, wopepuka ngati udzu. Wa a Zulamano ankautcha "njoka yanu ija". Ine ndinkangowapatsa tiyi.

Loweruka, 14 Juni

Mbale ya galamafoni imene abambo ankaisamala kwambiri ndaipeza pamwamba pa kabati. Kwaya ya kusukulu kwawo. Abambo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndime yachiwiri akuimba okha. Ilipo imodzi yokhayi, ndipo inapindika ndi dzuwa kalekale.

Ankati, "Iyi yatsala ndi maulendo ochepa, mayi. Singano ikalemera imaipala. Ikadumpha imaikanda."

Mawu awo kulibenso kwina. M'foni ankangolemba, sankajambula. Mawa ndiimvera.

Lamulungu, 15 Juni

Ndalakwa.

Ndimati ndipukute fumbi kaye. Kumbuyo kwa mkono kuli kachitsulo kolemera, kozungulira. Ndinakapukuta bwinobwino, kakuzungulira m'nsalu. Nditasiya, mkono unangoyandama m'mwamba, singano osafika pambale.

Miyezi ingati abambo akukasuntha pang'onopang'ono, atagwira mpweya? Ine mphindi imodzi. Chinthu chomaliza chimene manja awo anakonza, ndachimasula ndi kansalu.

Sindinadye.

Lachiwiri, 17 Juni

A Zulamano abwera ndi kasikelo, ndi kabuku ka abambo komwe kanatsala m'galaja. Sanakatsegule, akuti amachita mantha. "Musadandaule alamu, nambala zonse amalemba mkulu ameneyu. Ngakhale kutsokomola amayeza."

Tinapeza kulemera koyenera kwa singano: magalamu 1.8. Kenako tsamba lomaliza. Deti lake 9 Juni. Anawerenga mokweza, ndipo ndakopera pano:

"Pa mbale yabwino: wanga wapambana, phokoso lochepa cha mkati. Pa mbale yopindika: wanga wadumpha kanayi. Njoka sinadumphe. Ndabwereza katatu. Kwaya isaimbidwe ndi wanga. Zulamano asamve, mutu ungatupe."

A Zulamano anavula magalasi. "Ndiye n'chifukwa chake ananditumiza kukawiritsa tiyi! M'galaja mwanga, kuyeza mkono wanga mobisa. Wakuba iwe!" Anaseka, kenako kuseka kunasanduka china. Ndinawapatsa kansalu komwe kaja.

Ndikanapanda kupukuta fumbi, Lamulungu ndikanaika mbale ija pa mkono wowongoka.

Lachisanu, 20 Juni

Abwera ndi njoka yawo atakulunga m'thaulo ngati khanda. Ola lathunthu akumanga, kuyeza, kumasula, kuyezanso. Thukuta kamukamu. Pomaliza anati, "Singano mutsitse ndinu, alamu. Ine dzanja langa ndi lozula."

Ndinatsitsa.

Mbale ikukwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. Singano ikutsatira. Sinadumphe. Ndime yachiwiri, mnyamata wa mawu opyapyala, wothamanga pang'ono kuposa anzake. Sindinamudziwepo ali wotero. Koma popuma mpweya, ndi iwo. Ndi iwo ndithu.

Kamodzi kokha. Tinaibweza m'chikwama chake.

A Zulamano akana kutenga njoka. Akuti anzawo sawauza za tsamba lija, mkangano upitirire.

Mkono wowongoka ndauika m'kabati, kachitsulo kake kali pomwe ndinakasiya. Pagalamafoni pali mkono wa a Zulamano. Mbale yatsala ndi maulendo ochepa, ndipo sindidziwa kuti ndi angati.